Kukawedza kugombe lotetezedwa ndi mwana: ndiyambire pati?

Wambedza:
Abale, ndithandizeni nzeru. Loweruka likudzali ndikufuna kutenga mwana wanga wamkazi tikawedze kumalo otetezedwa a nyama zakutchire omwe ali m'mphepete mwa nyanja yamchere, pamene mtsinje ukathira. Ine ndinakulira kuwedza m'mitsinje ndi m'madamu basi. Sitikufuna kudzaza thumba, tikungofuna mwanayu amve momwe nsomba imagwedezera chingwe. Kodi n'zololedwa? Nanga nthawi yabwino ndi iti?

Mayi wa Kugombe:
Bambo, yambani mwafunsa kuofesi ya malowo. Ambiri amalola mbedza koma mbali zina zokha, ndipo kawirikawiri pamafunika chilolezo. Akuuzaninso mitundu ya nsomba yoletsedwa ndi kukula komwe nsomba iyenera kufika musanaitenge.

Koma chomwe ndikuopa kwambiri kwa munthu wozolowera mtsinje ndi madzi. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa, m'magombe ambiri kawiri pa tsiku. Ikadzaza tsopano, idzadzazanso pakatha maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25, ndiye kuti mawa lake zimachedwerapo ndi mphindi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, madzi amabwerera kutali kwambiri, kenako n'kubwera mwamphamvu. Mumaona mchenga wouma, mumayenda mpaka kutsogolo, osadziwa kuti khwawa lomwe munalumpha kumbuyo ndi lomwe limayamba kudzaza. Muli ndi mwana, musamutaye maso. Onani pa intaneti ndandanda ya nthawi zomwe madzi amadzaza ndi kuphwa, mufike madzi akuyamba kukwera, chifukwa ndi pomwe nsomba zimalowa kudzadya nkhanu ndi tinsomba pafupi ndi mizu ya mangrove, mitengo yomera m'madzi amchere a kugombe.

Kamnyamata:
Ine ndimangoponya paliponse, bola pasakhale anthu. Kumene amanga zingwe ndi zikwangwani ndi kumene kumakhala phee, nsomba zili mbwee.

Mayi wa Kugombe:
Ayi mwanawe, kumeneko usamapiteko. Zingwe zija amamangira mbalame. Zina za kugombe sizimanga chisa mumtengo, zimangofukula kadzenje pamchenga n'kuikira mazira amawangamawanga ofanana ndi timiyala. Ungawaponde osawaona. Ngakhale usaponde, make akathawa chifukwa cha iwe, dzuwa limawotcha mazirawo kapena mbalame zina zimawadya. Ine zimandipweteka mtima ndikaona mapazi a anthu mkati mwa zingwe.

Gogo Mlonda:
Amayi anena zoona. Ndiwonjezereko za zipangizo. Chingwe cha nayiloni chikaduka, chipindeni muike m'thumba. Sichiola msanga, ndipo chimakola miyendo ya mbalame ndi akamba am'nyanja. Timiyala ta mtovu tomiza nyambo tisiyeni, gulani tachitsulo, poti mbalame zam'madzi zimatimeza pamodzi ndi mchenga ndipo mtovu ndi poizoni. Finyani kamunga ka kunsonga kwa mbedza ndi pulayala kuti ichoke mosavuta, pansomba ngakhalenso pachala cha mwana. Nsomba yoti muibweze muigwire ndi manja onyowa, musaigoneke pamchenga. Ikameza mbedza mpaka m'kati, dulani chingwe pafupi ndi kamwa, musakoke.

Wambedza:
Zikomo kwambiri nonse. Ndaimba foni, akuti mbali ya kumathiriro ndi yotsegula, ya kumchenga atseka mpaka mbalame zitaswa. Galu akuti atsale kunyumba. Gogo, nyambo ya nyongolotsi zathu zakumunda ingagwire ntchito m'madzi amchere, kapena ndifunefune tizidutswa ta nsomba?