Thandizo chonde: ma reads a Salmonella ndiyike pa LT2 kapena pa D23580?

Wofunsa: Moni nonse pagulu pano. Ndikupanga Masters pa Salmonella Typhimurium yochokera m'magazi a ana odwala. DNA yake inawerengedwa pa Illumina, ma reads (tizidutswa ta DNA towerengedwa ndi makinawo) abwera, koma ndaima pa nkhani ya reference genome, ndiko kuti DNA yathunthu ya bakiteriya wodziwika kale yomwe timayerekezerapo ma reads.

Pipeline (mndandanda wa mapulogalamu) yomwe ndinapatsidwa ili kale ndi reference ya LT2. Aphunzitsi anga akuti ndisasinthe, chifukwa LT2 aliyense amaidziwa ndipo majini ake analembedwa bwino. Koma isolate iliyonse (bakiteriya wotengedwa kwa mwana mmodzi) ikusiya mulu wa ma reads osagwira paliponse. Chikundisowetsa tulo ndi ichi: mu labu, pa mbale, mabakiteriyawa anamera mpaka kukhudza madisiki a ampicillin, chloramphenicol ndi cotrimoxazole, osasiya ndi kampata komwe. Koma pa zotsatira za mapping majini a kusamva mankhwala sakuoneka. Vuto ndi reference kapena ndi ma reads? Ndamvapo za reference ina, D23580, kodi ndiyo yoyenera? Ndithandizeni akuluakulu, awa ndi magazi a ana enieni, sindikufuna kulemba zabodza.

Mayi wa mu Labu: Mwanawe, musanapite patali, mwatsimikiza serovar (mtundu wa Salmonella) ndi ST (sequence type, kagulu kake potengera majini) ya isolate iliyonse? Yendetsani SISTR kapena SeqSero2 kuti mudziwe serovar, kenako MLST kuti mudziwe ST. M'magazi kuno kwathu mumapezekanso Enteritidis ndi Typhi, ndipo imodzi yokha ikalowa m'gulu lanu mtengo wonse woonetsa ubale wa ma isolate upindika.

Wofunsa: Zikomo amayi. Ndinachita zimenezo, zonse ndi Typhimurium ST313.

Achimwene a Bioinfo: Ndiye yankho lili pomwepo achemwali. LT2 ndi ST19, inatengedwa m'zaka za m'ma 1940, genome yake inatuluka mu 2001, ndipo ndi kachilombo ka mu labu kofooka chifukwa jini yake ya rpoS ili ndi vuto. D23580 ndi ST313 yeniyeni, inatengedwa m'magazi a mwana ku Blantyre mu 2004, ndipo genome yake inasindikizidwa mu 2009 ndi gulu la ku Sanger Institute pamodzi ndi ofufuza a ku Malawi.

Mapping imagwira ntchito motere: read iliyonse imafunafuna malo ofanana nayo pa reference. Ikasowa malo, imatayidwa kumbali. Zili ngati kuitana ana m'kalasi ndi rejisitala ya kalasi ina, amene sanalembedwe amawerengedwa kuti kulibe, chonsecho akhala pa desiki pomwepo. D23580 ili ndi ma prophage awiri (DNA ya mavairasi yolowa mu genome ya bakiteriya), BTP1 ndi BTP5, omwe LT2 ilibe. Komanso plasmid yake (DNA yapadera kunja kwa chromosome), pSLT-BT, inalowetsedwa chidutswa cha mtundu wa Tn21 chomwe chanyamula majini a kusamva mankhwala. Plasmid ya LT2 ilibe chidutswa chimenecho. Ndiye ma reads anu otayidwawo, ndikukhulupirira kuti ambiri ndi omwewa, ndipo zomwe munaona pa mbale zili m'menemo.

Chinanso, reference ikakhala ya kutali, ma SNP (malo osiyana chilembo chimodzi cha DNA) mazanamazana omwe mupeze ndi osiyanitsa ST313 yonse ndi ST19, pomwe inu mukufuna kusiyana kochepa pakati pa isolate ya mwana uyu ndi ya uyo. Tengani D23580, koma yokonzedwanso mu 2019 ndi gulu la ku Liverpool pogwiritsa ntchito makina a PacBio. Onetsetsani kuti mwatsitsa ndi ma plasmid omwe, osati chromosome yokha. Ambiri amaiwala pamenepa.

Bambo Wopuma: Ndikugwirizana ndi achimwenewa koma osati pa zonse. Aphunzitsi anuwo ali ndi mfundo. Mabuku ambiri akale amatchula majini ndi manambala a LT2, aja oyamba ndi STM, ndiye mudzaifunabe pofotokoza ntchito ya jini. Ndipo D23580 nayo si mapeto. Iyo ndi ya lineage 2, nthambi imodzi chabe ya ST313. Ku Malawi komweko kunapezeka lineage 3 kuyambira mu 2016, yomwe imamva mankhwala onsewo, ndipo ku UK kuli ST313 yopanda BTP1 ndi BTP5. Chilichonse chomwe ma isolate anu ali nacho koma D23580 ilibe chidzatayikanso chimodzimodzi.

Majini a kusamva mankhwala musawasake ndi mapping ayi. Pangani assembly (kulumikiza ma reads kukhala genome popanda reference) ya isolate iliyonse payokha ndi SPAdes kapena Unicycler, ndiye muyendetse AMRFinderPlus kapena ResFinder kusaka majiniwo. Pamenepo palibe reference yokubisirani kanthu.

Dokotala wa Majini: Ife a mbali ya anthu tikulira ndi matenda omwewa. GRCh38, reference ya DNA ya munthu, inatuluka mu 2013, ndipo pafupifupi 70 peresenti yake inachokera kwa munthu mmodzi wa ku Buffalo, New York. Kafukufuku wina wa mu 2019 anawerenga DNA ya anthu 910 a mtundu wa ku Africa, napeza zilembo pafupifupi 300 miliyoni zomwe pa reference palibe. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa ndi DNA ya anthu athu yomwe imagwera kumbali. Reference ina, T2T-CHM13 ya mu 2022, inatseka mipata, ndipo pangenome (reference yophatikiza DNA ya anthu ambiri) ya mu 2023 inayamba ndi anthu 47. Inu a mabakiteriya muli ndi mwayi, reference yanu inachokera ku Blantyre.

Wofunsa: Mwanditsegula maso nonse. Koma ndiwauza bwanji aphunzitsi osaoneka wamwano? Komanso laputopu yanga ili ndi RAM ya 8 GB, ikwanitsa assembly?

Achimwene a Bioinfo: Ikwanitsa, genome ya Salmonella ndi yaing'ono, siifika zilembo 5 miliyoni pa chromosome. Muziyendetsa imodziimodzi usiku magetsi akakhalapo. Kwa aphunzitsi musapite ndi mawu okha. Sankhani ma isolate atatu, muyendetse Snippy (pulogalamu ya mapping) pa LT2 ndi pa D23580, kenako samtools flagstat ikupatsani peresenti ya ma reads omwe agwira pa iliyonse. Ma reads otayidwa pa LT2 muwapange assembly, muike pa BLAST kuti mudziwe majini omwe ali m'menemo. Mukapite ndi tebulo limenelo pamodzi ndi chithunzi cha mbale ija, muwafunse maganizo awo.

Mayi wa mu Labu: Ndipo musanajambule mtengo, phimbani malo a ma prophage ndi obwerezabwereza, kenako muyendetse Gubbins kuchotsa malo a recombination (DNA yosinthana pakati pa mabakiteriya). Mukaika zotsatira za flagstat pano tiziona limodzi.