Amene munafikako ku Sapa, ndithandizeni

Abale anzanga, ndili ku Hanoi kuno ku Vietnam pa ntchito ndiye mu September ndili ndi holide ya masiku 3, ndikufuna ndikaone midzi ya anthu a mtundu wa Hmong ku Sapa, kumpoto kwa dzikoli, mpunga utacha m'mapiri muja. Pulani yanga ndi kukwera sitima ya usiku mpaka mzinda wa Lao Cai, kenako minibasi kukafika Sapa, m'mawa mwake wapansi kudutsa mudzi wa Lao Chai mpaka mudzi wa Ta Van n'kugona pakhomo pa eni mudzi. Koma gayidi ndimupeza bwanji? Ine ndikuona ngati bola kulipira mayi wa chi Hmong wondiperekezayo pamanja, osati ndalama zonse zithere ku makampani a mtauni. Nanga matope aja? Bondo langa lamanzere limavuta potsetsereka, ndigule nsapato zotani? Chonde ndiuzeni.