Kodi mapointi 11 angandilowetse ku KUHeS kukaphunzira udokotala?

Wophunzira wa ku Dedza:
Ndikupempha malangizo kwa amene akudziwa momwe bungwe la National Council for Higher Education (NCHE) limasankhira ophunzira opita kusukulu zaukachenjede za boma. Ndalemba mayeso a MSCE pasukulu ina yoyendera ya boma ndipo ndapeza mapointi 11. Ndapeza 1 pa Biology, Agriculture ndi Chichewa, 2 pa Chemistry, 3 pa Chingerezi ndi Masamu, koma pa Physics ndapeza 4. Cholinga changa ndi kukaphunzira udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Kodi mwayi ulipo, ndipo kodi boma limene ndikuchokera lingandithandize kapena kundilepheretsa?

Mphunzitsi wa sayansi:
Choyamba ndikuyamikeni, chifukwa mapointi 11 kuchokera kusukulu yoyendera, kumene nthawi zambiri zipangizo za mulabotale zimasowa, si chinthu chamasewera. Komabe ndikuuzeni zoona: chiwerengero cha 11 chikubisa malo amene mwafooka. Mapointi amachokera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwakhoza bwino koposa, ndipo kwa inu Agriculture ndi Chichewa ndi zimene zatsitsa chiwerengerocho, pamene Physics yatsala kunja. Osankha ophunzira a udokotala amayang'ana kwambiri Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu, pamodzi ndi Chingerezi, ndipo pamenepo mudzapikisana ndi anzanu ochokera kusukulu zogonera komweko ndi za mishoni amene apeza 1 kapena 2 pa maphunziro onsewa. Zoyenereza kuti mufunsire malo mwazikwaniritsa, popeza 3 ndi 4 ndi makirediti, koma kukwaniritsa zoyenereza n'kosiyana ndi kusankhidwa, chifukwa malo ndi ochepa ndipo amayamba kupatsidwa kwa amene ali pamwamba. Mwa kuona kwanga mwayi ulipo koma ndi wochepa, ndipo kulakwitsa kwakukulu kungakhale kudzaza fomu yonse ndi mapulogalamu amene aliyense akuwalimbirana.

Mayi wa ana atatu, Mzuzu:
Pa funso lanu la boma lochokera, musade nkhawa, mwanangu. Ndondomeko ya kota, imene inkagawa malo potengera maboma, inathetsedwa m'chaka cha 2020, choncho chimene chidzakuyankhulireni ndi zotsatira zanu. Kumbukiraninso kuti KUHeS inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, kotero kuti pansi pa dzina limodzili pali maphunziro a unamwino, uzamba, zamankhwala ndi zoyeza magazi mulabotale, osati udokotala wokha.

Wophunzira wa ku Dedza:
Zikomo kwambiri, aphunzitsi ndi amayi. Ndiye kodi ndiusiye udokotalawo, kapena ndibwereze Folomu 4 kuti ndikonze Physics?

Mphunzitsi wa sayansi:
Musausiye, ulembeni poyamba, chifukwa ndi umene mtima wanu ukufuna. Chofunika ndi zimene mulembe pambuyo pake. Ikanipo pulogalamu ina ya zaumoyo ku KUHeS komweko, kenaka muyang'ane ku LUANAR, sukulu yaukachenjede ya zaulimi, kumene 1 wanu wa Biology ndi Agriculture angakuikeni patsogolo, komanso ku Mzuni ndi ku MUST, ndipo muwerenge bwino maphunziro amene pulogalamu iliyonse ikufuna musanaisankhe. Za kubwereza sindingakulimbikitseni msanga, pakuti ndi chaka chathunthu ndi ndalama za makolo, komanso palibe chitsimikizo chakuti maphunziro amene mwakhoza kale mudzawakhozanso chimodzimodzi. Ngati chimene mukufunitsitsa ndi kuchiza odwala, funsiraninso malo ku Malawi College of Health Sciences kapena kumakoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mishoni; makoleji a CHAM amalandira makalata awo paokha osadzera ku NCHE. Madokotala ena amene tikuwaona m'zipatala lero anayamba ngati ma clinical officer, n'kudzapitiriza maphunziro atagwirako ntchito zaka zingapo.