Zotsatira pa funso langa la oyilo wa injini

Ndikuthokoza nonse amene munayankha funso langa la miyezi inayi yapitayo, pamene ndinafunsa ngati ndi bwino kugula oyilo wodula wa synthetic wa Toyota Fielder yanga ya injini ya 1NZ-FE, kapena kupitiriza ndi wotchipa wa 20W-50 amene makaniko wanga ankathira.

Ndinatsatira malangizo a bambo amene anati ndisayambire pa mtengo, koma pa zomwe opanga galimotoyo analemba m'buku lake. Injiniyi imafuna oyilo wopepuka monga 5W-30, chifukwa makina a VVT-i amagwiritsa ntchito mphamvu ya oyiloyo posintha nthawi yotsegukira mavalavu, ndipo wolemera monga 20W-50 amachedwa kufika kumtunda kwake injini ikazizira. Ndinagula 5W-30 wa mtengo wapakati wokhala ndi chizindikiro cha API SN (chosonyeza mulingo wa ubwino wa oyilo), osati wodula kwambiri uja, ndipo ndinasinthanso fyuluta.

Kaphokoso kamene kankamveka ndikaliza galimoto m'mamawa kachepa kwambiri. Pa petulo sindinaone kusintha kwenikweni, ngakhale ena munandilimbikitsa kuti ndidzapulumutsa ndalama. Nditayenda makilomita 3,000 oyilo anatsika pang'ono ndipo ndinawonjezera, choncho amene galimoto yanu yayenda kwambiri muziyang'ana dipstick (kachitsulo koyezera kuchuluka kwa oyilo mu injini) mlungu uliwonse.

Pogula, onetsetsani kuti chivindikiro cha botolo sichinatsegulidwepo, ndipo pewani oyilo woyezeredwa m'mabotolo a zakumwa. Ine ndizisinthabe pa makilomita 5,000 alionse, popeza msewu wa kwathu ndi wafumbi.