Timabala tapola koma bambo akunyumba akufookabe

Wodwazika:
Bambo akunyumba anawachita opaleshoni ya khansa ya kumapeto kwa matumbo, ija amalowetsa kamera pa timabowo. Lero ndi tsiku la 9. Pamimba pali timabala tinayi tonga chikhadabo, ndi bala lina lotalikirapo kunsi kwa mchombo pomwe anatulutsira chotupacho. Anawaikanso thumba la chimbudzi pamimba, mbali ya kumanja, akuti ndi la kanthawi. Koma thumbalo likungodzaza zamadzimadzi, milomo yawauma gwa, akati adzuke chizungulire. Achibale akaona timabalato akuti achira kale. Ine amene ndimagona nawo ndikuona kuti ayi. Kodi zimatero?

Namwino:
Mayi, musadikire tsiku lomwe anakulemberani. Thumba la kumanjalo kawirikawiri ndi ileostomy, limatulutsa za m'matumbo aang'ono zisanafike m'matumbo aakulu momwe madzi amayamwidwa. Ndiye thupi limataya madzi ndi mchere msanga, impso n'kuyamba kuvutika. Muziyeza zomwe mukukhuthula. Zikapitirira lita imodzi ndi theka pa maola 24, kapena mkodzo ukachepa n'kuda, pitani nawo tsiku lomwelo. Madzi wamba okhaokha amangodutsa, ORS ndiye amathandiza.

Bala lenileni lili mkati, pomwe analumikiza matumbo. Msoko umenewo ukatayikira, thupi limatentha, mtima umathamanga, mimba imatupa n'kumapweteka. Katumba wa mwendo umodzi akatupa kapena bambo akayamba kubanika, akhoza kukhala magazi oundana. Zonsezi si zogonera.

Wochira:
Ine ndinadutsamo. Masiku oyamba chinkandiwawa ndi phewa, osati mimba, chifukwa cha mpweya womwe amapopera m'mimba kuti aone bwino. Zinatha zokha. Anandiletsa kunyamula zolemera milungu 6, koma kuyenda pang'onopang'ono ndinkayenda tsiku lililonse.

Chomwe chinandivuta kwambiri chinabwera atachotsa thumba. Chimbudzi chinkabwera pang'onopang'ono, ndikangotuluka ndibwererenso, usiku womwe. Ndinkaopa ngakhale kukwera galimoto. Patapita miyezi zinayamba kuchepa, ngakhale sizinabwerere ndendende mwakale. Chinanso, mitsempha ya mkodzo ndi ya mphamvu za abambo imadutsa pafupi ndi pomwe amadulapo. Ine ndinakhala chete nthawi yaitali chifukwa cha manyazi, chonsecho adokotala anali ndi thandizo. Bambowo akadzaona zosintha, adzanene.

Wodwazika:
Zikomo nonse. Ndayeza za kuyambira m'mawa, zafika kale lita imodzi ndipo dzuwa silinapendeke. Ndikulongedza, tikupita kuchipatala pompano.