Mayi anapatsidwa mankhwala owawenga, dandaulo ndikapereke kuti?

Moni nonse muno, makamaka azaumoyo.

Ndili ku Mangochi. Mwezi watha mayi anga anapatsidwa Bactrim pa chipatala china chaching'ono kwathu kuno, chonsecho m'buku lawo la kuchipatala munalembedwa kale kuti mankhwala okhala ndi sulfa amawawenga. Anatuluka zidzolo thupi lonse, milomo kutupa, m'kamwa zilonda mpaka phala kukanika kumeza. Anagonekedwa ku Boma, panopa akupezako bwino.

Ndinakaonana ndi a in-charge, anapepesa pakamwa basi. Ndinauzanso wapampando wa komiti ya chipatala, akuti tidikire msonkhano. Kalata ndinaponya m'bokosi la madandaulo, zii.

Sindikufuna kuti wina achotsedwe ntchito ayi. Tsikulo wolemba mankhwala anali yekha, mzere mpaka panja. Koma bukulo sanalitsegule n'komwe, ndipo Fansidar amene amapatsa amayi oyembekezera pomwepo alinso ndi sulfa, ndiye ndikuopa kuti zoterezi zingachitikirenso ena.

Kodi ombudsman (wolandira madandaulo) wa chipatala cha ku Boma amalandiranso nkhani za m'zipatala zazing'ono, kapena ndilembere a Medical Council of Malawi (bungwe loyang'anira madokotala) ku Lilongwe? Nanga pali fomu yomwe ogwira ntchito amayenera kulembapo zoterezi kuti zikambidwe? Bukulo ndi mapepala otulutsira mayi ndasunga. Ndithandizeni chonde.