Supu wa bowa wofutsa akutuluka ndi mchenga, mkaka nawo ukulekana

Wophika ku lodge, Dedza: Akuluakulu, chisanu cha Juni chino alendo akufuna supu wa bowa madzulo aliwonse. Waiwisi kulibe, tikugwiritsa ntchito wofutsa wa pamsika. Supuyo akulumitsa mchenga, ndipo tikathira mkaka ukulekana ngati chambiko. Poto wake ndi wa malita 5.

Mayi wa zophikira maukwati: Achimwene, mchengawo uli m'madzi oviikira. Bowa wouma magalamu 150 muviike m'madzi ofunda malita 2 kwa mphindi 30. Muvuule ndi manja, osakhuthula poto, chifukwa mchenga umakhala utakhazikika pansi. Mutsukenso kawiri. Madzi oviikirawo musataye, kukoma konse kuli mmenemo: asefeni pa nsalu yoyera, otsalira pansiwo mutaye. Sefa ya ufa mchenga umadutsa.

Shefu wa hotela, Zomba: Za mkakazo, mumathira tomato?

Wophika ku lodge, Dedza: Atatu akuluakulu.

Shefu wa hotela, Zomba: Ndi ameneyo. Kuwawasa kwa tomato kukakumana ndi moto wambiri, mkaka umalekana. Mchotseni. Kazingani anyezi 3, adyo ndi jinja, kenako bowa wofinyidwa bwino, pang'onopang'ono mpaka afiire. Mukamuunjika amangotulutsa madzi osapsa. Thirani madzi osefa aja, onjezerani malita 2, ndi mbatatesi theka la kilo kuti supu alimbe. Ziwire mphindi 40, mupere theka lake. Mkaka, theka la lita, ukhale wofunditsa kale ndipo muthire mutaphula. Usawirenso.

Mayi wa zophikira maukwati: Kapena mkakawo ausiye, athire nsinjiro kapu imodzi yosungunula m'madzi ozizira, iwire mphindi 15 uku akutakasa. Siilekana, ndiponso mtengo wake ndi wabwino. Kungoti pa menyu alembepo kuti muli mtedza, ena umawawenga.

Wa zakadyedwe pachipatala: Bowa ali ndi mavitamini a gulu la B ndi potaziyamu, mafuta ndi ochepa, ndipo woyanikidwa padzuwa amakhala ndi vitamini D wochulukirapo. Koma musamalembe kuti amachiza chimfine. Chondidetsa nkhawa ine ndi bowa wa pamsikayo. Akauma, bowa wodyedwa wa ndelema simungamusiyanitse ndi wapoizoni wofanana naye, ndipo poizoniyo satha ndi kuwiritsa. Gulani kwa munthu mmodzi wodziwika amene amazula yekha, mtundu umodzi pa thumba, apo ayi tengani bowa wolimidwa wa oyster. Wa oyster akakhala waiwisi, pa poto wanuyo mufunika kilo imodzi ndi theka.